Chingerezi cha zochuluka ndi zochepa chiyambire kumsika

Mwana wokulira ku Chipata amadziwa kuyerekeza zinthu asanapondeko m'kalasi. Akatumidwa ku Saturday Market kapena ku Kapata, sachedwa kuona kuti mulu uwu wa tomato waposa uwo, kapena kuti meda ya nshawa sinadzaze. Koma mwana yemweyo akakumana ndi "much", "many", "less" ndi "fewer" pa mayeso a Examinations Council of Zambia, mutu umaima.

Si ulesi ayi. Chinyanja sichilekanitsa zinthu zowerengeka ndi zosawerengeka: anthu ambiri, madzi ambiri, ndipo liwu lakuti "kuposa" limagwira ntchito paliponse. Chingerezi chimazigawa pawiri. Mlimi wa ku Chiparamba amene wagulitsa pang'ono ku Food Reserve Agency chaka chino wapereka "fewer bags", chifukwa matumba amawerengedwa, koma wapereka "less maize", chifukwa chimanga amachiyeza pasikelo. Katundu ndi yemweyo, ngolo ndi yomweyo, mawu ndiwo asintha.

Eni chilankhulo nawonso amakangana pa nkhaniyi. Lamulo lolekanitsa "less" ndi "fewer" linatchuka kuchokera kwa Robert Baker, amene mu 1770 anangolemba zimene iye ankaona kuti zikumveka bwino. Zaka mazana ambiri iye asanabadwe, Angerezi ankagwiritsa kale "less" pa zinthu zowerengeka. Mu 2008 sitolo za Tesco ku Britain zinayamba kusintha zikwangwani za "10 items or less" n'kulemba "up to 10 items" anthu atadandaula.

Ngati ku London mkangano sunathe, n'kulakwa kuti mphunzitsi wa ku Chipata athere inki yofiira pa mawu awiriwa, n'kungodutsa pa mawu amene amadyetsa munthu ndalama. "Twice as much", "half as many" ndi "no more than" amapezeka m'malangizo a mankhwala a mbewu, m'mapepala a ngongole ndi m'mafomu a katundu wodutsa pa malire a Mwami. Wosokoneza "less" ndi "fewer" amamvekabe. Wosokoneza theka ndi kuwirikiza kawiri amawotcha mbewu m'munda.

Aphunzitsi amene akuphunzira ntchito ku Chipata College of Education akhoza kuyamba ndi zimene ana amazidziwa kale. Abweretse m'kalasi meda, mabotolo a mafuta ophikira ndi milu ya mbatata. Ana ayambe ayerekeza m'Chinyanja, kenako asanje okha zimene zimawerengedwa ndi zimene zimayezedwa, ndipo Chingerezi chibwere pomalizira. Nshawa za mtundu wa Chalimbana zingakwanire phunziro lonse: ana awerenge zodzaza dzanja limodzi, azisinje, kenako afotokoze m'Chingerezi chifukwa chake nsinjiro sizikuwerengekanso.