Mlandu suola, koma eni mlandu akutha

Kuyambira masiku amene boma la Chitipa linkatchedwa Fort Hill, anyamata a ku Misuku, Nthalire, Wenya ndi Kameme ankalembetsa kwa a Wenela, olemba anthu ntchito za m'migodi, kupita ku Joni kukakumba golide. Anabwerako ndi njinga, mawailesi ndi ndalama zolowolera. Ambiri anabwerakonso ndi fumbi m'chifuwa. Lero ndi agogo amene sangakwere kamtunda osaima kawiri katatu, ndipo usiku nyumba yonse sigona ndi kutsokomola kwawo. Nkhani ya ndalama za a Theba, amene analowa m'malo mwa a Wenela, yalankhulidwa kwa zaka zambiri, mayina alembedwa, ndipo amene atopa kudikira amatonthozedwa ndi mawu amodzimodzi, akuti mlandu suola. Mwambiwu ndi woona, ndipo makhothi a ku South Africa autsimikiza. Chimene chikuwawa n'chakuti kwathu kuno wasanduka chifukwa chokhalira pansi, pamene anthu oyenera chipukuta misozi akuikidwa m'manda mmodzi ndi mmodzi.

Matendawa ndi silikosisi. Munthu akamaboola mwala wa golide pansi pa nthaka, pamatuluka fumbi losalala kwambiri lomwe maso saona. Fumbilo likalowa m'mapapo silitulukanso. Limasiya zipsera zomwe zimaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo palibe mankhwala ochiza. Zizindikiro zimatha kubisala zaka 10, 20 ngakhale kupitirira, choncho mnyamata amamaliza kontrakiti akuoneka wathanzi, n'kudzayamba kubanika ali kale kumudzi. Mapapo oterewa amagwidwanso msanga ndi chifuwa chachikulu. Amene anapuma fumbili si ochepa ayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, mpaka pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu 74, Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu. Ulendowu unayambiranso mu 1977, n'kudzatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa kuyeza HIV. Ndiye kuti wamng'ono kwambiri mwa anthuwa tsopano tsitsi lake ndi la imvi.

Mlanduwu unadzutsidwa ndi munthu mmodzi, Thembekile Mankayi, amene anagwira ntchito mu mgodi wa Vaal Reefs kuyambira 1979 mpaka 1995. Atadwala anapatsidwa R16,320 potsata lamulo la 1973 la matenda a m'migodi, ndipo kampani ya AngloGold Ashanti inkati nkhani yathera pomwepo. Mu Malichi 2011 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti wogwira ntchito mu mgodi ali ndi ufulu wosumira bwana wake. Chigamulochi chinatsegula njira ya mlandu wa gulu, umene khothi la ku Johannesburg linauloleza mu 2016. Mu Julayi 2019 khothi linavomereza mgwirizano woti makampani 6, omwe ndi Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony, Sibanye-Stillwater ndi African Rainbow Minerals, apereke ndalama pafupifupi R5 biliyoni kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust. Aliyense amene anagwira ntchito ya pafumbi m'migodi yawo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019 angathe kudandaula, posayang'ana dziko limene amachokera, ndipo mgwirizanowo unaika kuti wodwala silikosisi alandire kuyambira R70,000 mpaka R500,000 malinga ndi kukula kwa matendawo. Mlandu wa fumbi la mu 1965 unaweruzidwa patatha zaka 54. Koma Mankayi mwini wake anamwalira patangotsala masiku ochepa kuti chigamulo chake chiperekedwe.

Mwambi wa mlandu suola unabadwira pabwalo la mfumu, pamene mboni zimakhala m'mudzi momwemo ndipo mdzukulu amakumbukira ng'ombe imene agogo ake anabwereketsa. Pa mlandu uwu mboni yaikulu ndi mapapo a wodandaula, ndipo mboni imeneyi imapita naye kumanda. Bungwe la Tshiamiso sililipira chifukwa chakuti munthu akutsokomola. Limafuna umboni woti anagwiradi ntchito mu mgodi wakutiwakuti, limafunanso chithunzi cha m'chifuwa ndi zotsatira za kuyeza mphamvu ya mapapo. Mayi wamasiye amafunsidwa chikalata cha imfa ndi mapepala a kuchipatala osonyeza chimene chinapha mwamuna wake. Ndi maliro angati a ku Mwenewenya kapena ku Mwabulambya amene ali ndi chikalata chotere? Lamulo la ku South Africa limalola kuti mapapo ndi mtima wa womwalira zitumizidwe kukayezedwa, koma palibe banja la kuno limene lingavomere zimenezo mosavuta, ndipo sitingaliimbe mlandu. Pamwamba pa zonsezi, bungweli linapatsidwa zaka 12 zokha zogwira ntchito. Zikatha, khomo lidzatsekedwa.

Ena amati anthuwa anapita okha, anadinda chala, analandira malipiro, ndiye akufunanso chiyani. Munthu amene anadinda chala pa pepala la Chingelezi anagulitsa mphamvu zake za miyezi ya kontrakitiyo. Sanauzidwe kuti akusiyanso mpweya wa ukalamba wake. Eni migodi ankadziwa kuopsa kwa fumbili kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo azungu odwala matenda omwewa ankayezedwa kawirikawiri ndi kulipidwa ndalama zambiri kuposa anthu akuda. Enanso amati chifuwa cha nkhalamba chingabwere ndi fodya, utsi wa nkhuni kapena ukalamba chabe. Zimenezo n'zotheka, ndipo n'chifukwa chake kuyeza kuli kofunika, pakuti zipsera za fumbi la mwala zimaoneka mwa mtundu wake pa chithunzi ndipo dokotala wophunzira ntchitoyi amazizindikira. Amene amanena kuti mwina ndi fodya, koma osafuna kuti agogowo ayezedwe, akungothandiza kampani kusunga ndalama zake.

Apa m'pamene boma lathu lili ndi mangawa. Dziko la Malawi linkapeza ndalama zakunja kudzera m'malipiro a anthuwa, chifukwa gawo lina linkasungidwa kuti akalandirire kuno kwawo. Amene anadya nawo phindu sangadzipatule pa nthawi ya matenda. Chizolowezi choti chilichonse chichitikire ku Lilongwe ndi ku Blantyre chikupha anthu akumalire. Kuchoka ku Chitipa kufika ku Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 700, ulendo umene munthu wobanika wa zaka 75 sangaukwanitse ngakhale atapeza ya basi. Mtunda wotere umaitananso akamberembere amene amayenda m'midzi kutolera ndalama ndi ziphaso ponamizira kuti afulumizitsa malipiro, chonsecho kudandaula ku bungwe la Tshiamiso n'kwaulere.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya makedzana. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera uli pa msewu womwewu wa Karonga ndi Chitipa. Kampani ya Paladin inautsegula mu 2009 n'kuimitsa ntchito mu 2014, ndipo ya Lotus Resources yaudzutsanso. M'migodi ya malasha ya ku Karonga ndi ku Rumphi achinyamata athu akupuma fumbi lero lomwe. Alipo amene amaopa kuti kulankhula za chipukuta misozi kuthamangitsa obweretsa chuma. Kampani imene imasamala antchito ake ilibe choopa pa kuwayeza polowa ntchito, chaka ndi chaka, ndi potuluka, n'kumupatsa aliyense mapepala ake m'manja. Ku Kabwe, ku Zambia, mlandu unakasumidwa ku Johannesburg mu 2020 m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000 chifukwa cha chiphe cha mtovu wochokera ku mgodi wa kumeneko, ndipo mu Disembala 2023 khothi linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma ana akubadwirabe pa dothi lachiphe.

Unduna wa za ntchito ukambirane ndi a Tshiamiso kuti makina oyezera afike pa chipatala cha boma cha Chitipa, ndi kuti galimoto iwafikitse ku Nthalire ndi ku Misuku. Mafumu ndi aphungu athu alembe mayina a onse amene anapita ku Joni, pamodzi ndi amayi amasiye. Inu amene muli ndi bambo kapena agogo otere, funani khadi lawo la kumgodi ndi nambala yake, sungani buku lawo la kuchipatala, ndipo muwatengere kokayezetsa chifuwa chaka chino akadali moyo.