FONI YA BANJA SI MUNDA WOYESERAPO MBEU

Mlimi aliyense wa ku Palabana adziwa kuti mbeu yatsopano ya cimanga siifika m'sitolo isanayesedwe. Akatswiri a ku Mount Makulu, ku Chilanga, amayamba aibzala pa timinda tating'ono kwa nyengo zingapo, naona m'mene ipirira cilala ndi matenda, ndipo Boma limaivomereza pambuyo pace. Ngakhale mlimi wokonda zatsopano, akapatsidwa mbeu ya mayeso, amaibzala mizere iwiri cabe kumapeto kwa munda. Nzeru yomweyi ifunika tsopano pa foni ya m'manja, imene yalowa pafupifupi m'nyumba iriyonse, ndiponso pa kompyuta za m'masukulu ndi m'makopaletivu.

M'kati mwa foni kapena kompyuta muli pulogalamu imodzi yaikulu imene imayendetsa zina zonse. M'mafoni ambiri a kuno dzina lace ndi Android, m'mafoni a Apple ndi iOS, ndipo m'makompyuta ambiri ndi Windows. Makampani amaikonzanso kawirikawiri. Asanaitulutse kwa anthu onse, amapereka ina yosamalizidwa kwa anthu odzipereka kuti aiyese ndi kunena zolakwika zimene apeza. Yosamalizidwa imeneyi ndiyo ichedwa beta. Eni ace sabisa kuti iri ndi zirema: batire imatha msanga, foni imatentha kapena kuzima yokha, ndipo mapulogalamu ena, makamaka a mabanki, amakana kutseguka.

Kale mayeso otere anali a akatswiri okha, koma khomo linatsegulidwa. Kampani ya Microsoft inaitana anthu wamba mu 2014 kudzera m'makonzedwe ochedwa Windows Insider. Mu 2019 foni ya Tecno Spark 3 Pro inali pakati pa mafoni amene analoledwa kuyesa Android yatsopano, ndipo Tecno ndi dzina lodziwika m'matumba a anthu ambiri m'Zambia muno. Mu Juni 2023 kampani ya Apple inalola aliyense kutenga beta yoyambirira kwaulere, pamene kale panafunika madola 99 pa caka. Motero mnyamata wokhala ndi intaneti yokwanira angathe kuika beta m'foni ya atate ace madzulo amodzi, iwo ali kukama ng'ombe.

Cimene cinacitika mu Okutobala 2018 ciyenera kukumbukiridwa. Microsoft inatulutsa Windows 10 yokonzedwanso, ndipo patangopita masiku owerengeka inaiimitsa, cifukwa anthu ena anapeza kuti makalata ndi zithunzi zao zafufutika m'makompyuta. Inatulutsidwanso mu Novembala vuto litakonzedwa. Pulogalamu imeneyo inali itadutsa kale m'manja mwa oyesa, ndipo ena mwa iwo anali atanenapo za vutolo. Ngati yomalizidwa inacita cotere, nanga imene ikali pa mayeso munthu angaidalire motani?

Munthu wa m'tauni amene ali ndi mafoni awiri angaseke foni imodzi ikamwalira. Ku Palabana, dera la alimi a mkaka, nkhani iri yosiyana. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi. Ndiyo imalandira malipiro a mkaka, ndiyo imaitana dokotala wa ziweto ng'ombe ikalephera kubala usiku, ndiyonso imasunga manambala a ogula ndi a ana amene ali ku Lusaka. Boma la Chongwe linali limodzi mwa maboma 13 amene anayamba kulandira feteleza ndi mbeu mwa njira ya e-voucher m'nyengo ya 2015/2016, ndipo kuyambira pamenepo alimi a kuno azolowera kuyembekeza uthenga wa pa foni mvula isanagwe. Nzoona kuti ndalama za pa Airtel Money kapena MTN sizitayika foni ikaonongeka, popeza zimasungidwa ku kampani pa nambala ya mwini. Koma cimatayika ndi nthawi. Mlimi amene foni yace yafa sabata imene uthenga wa feteleza uli kufika adzathera masiku m'basi ndi kwa okonza mafoni, anzace ali kubzala ndi mvula yoyamba.

Coipa cina ndi cakuti njira yobwerera iri yowawa. Kampani ya Google imacenjeza poyera kuti munthu wofuna kucoka pa beta ya Android mayeso ali pakati, kubwerera ku pulogalamu yakale, adzafufutiridwa zonse za m'foni. Zithunzi za ukwati, mauthenga osonyeza malipiro, maina a anthu angongole, zonse zimapita ngati sizinakoperedwe kwina. Palinso nkhani ya magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a m'damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Kuika pulogalamu yaikulu kumatenga nthawi, ndipo foni kapena kompyuta ikazima nchitoyo iri pakati, nthawi zina siiyakanso kufikira itapita kwa katswiri.

Sikuti kuyesa kuli kolakwa. Popanda oyesa, zirema sizingadziwike, ndipo kuli kwabwino kuti ana a m'Zambia akhale pakati pao. Wophunzira wa pa Chalimbana University amene afuna kudziwa za makompyuta ayese ndithu, koma ayesere pa foni yakale kapena pa kompyuta yopanda nchito ina, imene ikafa palibe adzagona ndi njala. Asanayambe akopere zonse pa khadi kapena pa makina ena, natsimikize kuti zimene wakoperazo ziri kutseguka. Batire ikhale yodzaza. Pulogalamuyo aitenge kwa eni ace enieni, cifukwa zimene zimatumizidwa pa WhatsApp ndi anthu osadziwika, zonena kuti foni idzakhala ngati yatsopano, nthawi zina zimabwera ndi akuba a manambala acinsinsi.

Akuluakulu nao asacite manyazi kufunsa. Mdzukulu akapempha foni kuti aikemo zatsopano, agogo ali ndi ufulu wofunsa ngati pa cinthuco palembedwa liu lakuti beta, ndi kukana ngati liripo. Cimodzimodzinso popereka foni kwa okonza a m'misika ya ku Lusaka: mwini anene momveka kuti safuna pulogalamu ya mayeso, ndipo acotse khadi lace la SIM asanaisiye. Alembi a makopaletivu ndi aphunzitsi osunga kompyuta za sukulu ayenera kuika lamulo lakuti makina osunga maina a mamembala, malita a mkaka kapena mamaki a ana asayeseredwepo kanthu. Alangizi a zaulimi angathandize potchulako nkhaniyi pa misonkhano ya alimi nyengo ya feteleza isanafike.

Pulogalamu yomalizidwa imatuluka patapita miyezi yowerengeka cabe, ndipo kwa foni imene iyenera kuilandira imafika yokha, yopanda mtengo wina koma wa intaneti. Ngakhale imeneyo, mlimi angacite bwino kudikira sabata ziwiri kapena zitatu asanaivomereze, ndi kuiika feteleza ali kale m'nyumba.