Madzi obisala m'dothi la ku Lichenya

Ife a kuno ku Mulanje timadziwa mmene tiyi amaumira kufakitale: mpweya wotentha ukadutsa m'masamba, madzi amasanduka nthunzi n'kuuluka. Madzi amenewo savuta kuchotsa. Koma pali madzi ena amakani, olowerera m'thupi la mwala weniweniwo, oti ngakhale dzuwa la mu Okutobala silingawatulutse.

Ana a kusekondale amawaona mu labotale. Copper sulphate wabuluu akamutenthetsa amayera mbuu, timadontho n'kumaoneka kukamwa kwa chubu. Akamudonthezera madzi, mtundu uja umabwerera.

Pamwamba pa phiri lathuli, ku Lichenya, kuli dothi la bauxite limene linapezeka mu 1924. Mkati mwake muli gibbsite, gwero la aluminiyamu. Mukaigwira ndi youma gwa, koma ikaotchedwa imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ndipo chotayikacho ndi madzi otuluka ngati nthunzi. Amayamba kuchoka kutentha kukadutsa madigiri 200, pomwe madzi a m'poto amawira pa 100, ndipo ku Sapitwa, mamita 3,002 m'mwamba, amawira cha pa 90 basi. M'mafakitale amaiotcha mpaka cha pa madigiri 1,000 kuti patsale ufa woyera wa alumina, umene umafunanso magetsi ochuluka zedi kuti usanduke chitsulo.

Choncho amene amakamba za mgodi ku Lichenya atiuze kaye kumene moto ndi magetsi amenewo adzachokere, komanso mmene adzatetezere mtsinje wa Lichenya umene anthu akumunsi amatungamo madzi.