Tibzale ombwe m'mabedi athu a maluwa

Anzanga, tiyeni tinene zoona. Chaka chilichonse timabzala maluwa kutsogolo kwa makalasi, ndipo chaka chilichonse pofika Okutobala amakhala atauma. Opulumuka dzuwa amathera m'mimba mwa mbuzi, poti mpanda tilibe. Kenako amene tafika mochedwa timapatsidwa ndowa kuti tikatunge madzi kumjigo n'kumathirira timitengo tofa kale, pomwe anzathu ayamba Masamu. Ambiri a ife timachokera kutali wapansi, ena osalawa kanthu. Ine ndikuti mphamvu zimenezi zikungopita pachabe. Tibzale ombwe.

Ndikudziwa ena mwaseka kale. "Ombwe eti? Uja wa m'malire a munda wa agogo?" Yemweyo. Kwina amamutcha mthuthu, kumpoto amati mtetezga, ndipo m'mabuku a Agriculture dzina lake ndi Tephrosia vogelii. Ndi chitsamba cha kuno ku Africa, chimatalika kuposa munthu, masamba ake ali ndi tiubweya tofewa, ndipo chimachita maluwa oyera kapena ofiirira ooneka ngati a nyemba koma aakulu. Bougainvillea amene timamusirira m'tauni kwawo ndi ku South America. Ngakhale deliya wa m'mbali mwa msewu anachokera ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo. Nanga wakwathu tikumunyozeranji?

Ombwe akagwira safuna womuthirira tsiku ndi tsiku, amapirira chilimwe. Mbuzi nazo sizimukonda. Komanso ndi wa banja limodzi ndi nyemba, mtedza ndi nandolo, choncho mizu yake imaonjezera nayitirojeni m'nthaka, ndipo masamba akayoyoka amasanduka manyowa. Dothi lofiira la kutsogolo kwa makalasi athu, louma ngati njerwa lija, likusowa zimenezi.

Kubzala kwake n'kosavuta. Viikani mbewu m'madzi ozizira usiku umodzi. Mvula ikagwa bwino, bzalani njere ziwiri kapena zitatu paphando losazama, mapando atalikirane pafupifupi mita imodzi. Ntchito yaikulu ili m'miyezi iwiri yoyamba, chifukwa akadali wamng'ono udzu umamupitirira, ndiye kupalira n'kofunika. Akafika m'chiuno, dulani nsonga kuti aphuke nthambi zambiri, asangoti tolotolo ngati mzati. M'chilimwe lambulani udzu wouma momuzungulira, kuti moto wa osaka mbewa usamupeze. Sakhala zaka zambiri ngati mtengo wa mango, choncho makoko ake akauma tithyole msanga asanaphulike, tisunge mbewu yobzala ina.

Phindu lina lili kudimba lathu la sukulu. Masamba a ombwe ali ndi mankhwala opha tizilombo. Alimi amawasinja, kuwaviika m'madzi usiku wonse, kusefa, kuthiramo kasopo pang'ono, n'kupopera ndiwo zamasamba zimene zagwidwa ndi nsabwe. Amapopera madzulo chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwalawo. Ena amaumitsa masambawo pamthunzi n'kuwasinja kuti ateteze nyemba kwa anankafumbwe. Ndalama yogulira mankhwala a m'botolo sukulu ngati yathu iitenga kuti? Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali anzanga amene anandiuza kuti ombwe ndi poizoni, sayenera kukhala pasukulu. Mfundo yawo si yopusa. N'zoona kuti amapha nsomba, ndipo alipo anthu amene amamuthira m'mitsinje, n'kupha nsomba zazikulu ndi tiana tomwe. Zimenezo n'zoletsedwa ndi malamulo a dziko lino. Koma yankho lake ndi kudziwa kagwiritsidwe kake. Osatsuka ndowa ya mankhwalawo kumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba. Ukamugwira, samba m'manja ndi sopo. Ndiwo zopoperedwa zidikire masiku angapo ndipo zitsukidwe bwino zisanaphikidwe. Chinanso, asabzalidwe pamalo pamene tidzabzale matimati, chifukwa amasunga tinyongolotsi ta m'nthaka timene timatupitsa mizu ya matimati ndi fodya. Ife ndife a sekondale, zinthu zinayi zokhazi zingatikanike kusunga?

Pempho langa kwa aphunzitsi a Agriculture ndi a kalabu ya zachilengedwe ndi ili: tiyese bedi limodzi lokha pakalasi iliyonse. Maluwa enawo asazulidwe, akhale pomwepo kuti tifananize. Amene kwanu kuli ombwe, pemphani mbewu yodzaza kabokosi ka machesi mubwere nayo. Tikabzala mu Disembala tisanatseke teremu yoyamba, mvula idzatithiririra yokha tili patchuthi, ife n'kudzangopalira mu Januwale. Fomu 2 ndife okonzeka kuyamba. A Fomu 1, 3 ndi 4, mukuti bwanji? Yankhani pabolodi pompano.

Mnzanu wa Fomu 2