Chikalata cha Zofuna Zathu: Nkhalango za Boma Zisagulitsidwe

Kwa Olemekezeka Nduna yoona za Nkhalango ndi Zachilengedwe, Capital Hill, Lilongwe

Kudzera kwa Bwanamkubwa wa boma la Mzimba

Makope apite kwa Sipikala wa Nyumba ya Malamulo ndi kwa Wapampando wa komiti ya aphungu yoona za chilengedwe

Olemekezeka a Nduna,

Ife amene tasaina ndi kudinda chala pansi pa chikalatachi ndife anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango za boma. Ambiri ndife a ku Mzimba ndi Nkhata Bay, ozungulira nkhalango ya Chikangawa, koma anzathu a ku Zomba, Dedza, Mulanje ndi a kufupi ndi Dzalanyama nawonso aikapo maina awo. Pakati pathu pali ocheka matabwa, akalipentala, alimi a njuchi, amayi ozula bowa, aphunzitsi, mafumu, komanso akuluakulu amene anadzala paini ndi manja awo pamene ankagwira ntchito ku Dipatimenti ya Nkhalango. Tabwera ndi nkhani imodzi. Tikukana kuti nkhalango za boma zigulitsidwe, kapena ziperekedwe kwa amalonda kwa zaka makumimakumi, pa migwirizano imene eni dziko sanaione ndipo sanaivomere.

Yankho limene limafulumira kuchokera ku likulu tikulidziwa: boma siligulitsa nkhalango, limangobwereketsa, malo amakhalabe a boma. Pa pepala zili chomwecho. Koma paini amatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti afike pochekedwa matabwa. Kampani ikapatsidwa nkhalango kwa nthawi yaitali chotero, ndiyo imanena chigawo choti chidulidwe ndi choti chisiyidwe, ndiyo imaika mlonda pachipata, ndiyo imasankha woti imugulitse matabwa ndi ndalama zoti apereke. Mwana wobadwa chaka chosainira mgwirizano amakula, n'kukwatira, n'kubereka ake, nkhalango ikadali m'manja mwa ena. Kwa munthu wa kumudzi palibe kusiyana ndi kugulitsa.

Tiyambe ndi Chikangawa, poti kumeneko tinaona ndi maso athu. Kudzala paini pa mapiri a Viphya kunayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo kunakula kwambiri dziko litalandira ufulu mu 1964. Cholinga chinali kudyetsa fakitale ya mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe, koma mitengo inakula ndithu: mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zikuluzikulu zodzalidwa ndi anthu mu Africa muno. Ndalama zinatuluka m'thumba la boma. Thukuta linali la makolo athu. Ndiwo ankathira dothi m'machubu ku nazale, kusenza mbande kukwera nazo zitunda mvula ili pamsana, kusadza nthambi m'chifunga cha Juni zala zitauma ndi chisanu, kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, ndi kuchezera pa nsanja kuyang'ana kumene kwafuka utsi. Ku Luwawa, Nthungwa, Mazamba ndi Lusangazi kunali nyumba za antchito, ndipo ena mwa ife michombo yathu inagwera komweko.

Itafika nyengo yogulitsa makampani a boma, potsatira lamulo la 1996, fakitale ya boma ya Viply inapita kwa kampani ya Raiply mu 1999, pamodzi ndi chilolezo cha mahekitala 20,000 a nkhalangoyi. Zigawo zina zinadzaperekedwa pambuyo pake kwa makampani ena ndi kwa magulu a ocheka matabwa. Zimene zinachitikira nkhalango yonse m'zaka zotsatira, aliyense woyenda mumsewu wa M1 pakati pa Mzimba ndi Mzuzu anadzionera yekha. Malo amene galimoto inkadutsa mumthunzi wa ndiwe yani ngakhale dzuwa lili paliwombo panatsala zitsa, tchire ndi mapiri a mbee. Malole a matabwa ankatuluka usana ndi usiku, ena mpaka kuwoloka malire a dziko. Moto unkabwera chaka ndi chaka kudzamaliza zotsala.

Alipo amene adzakuuzeni kuti mbali imene inatsala m'manja mwa boma ndiyo inaphwasuka kwambiri, ndi kuti kumene kuli kampani kukuoneka mitengo yodzalidwa chatsopano. Zimene maso akuona sitikuzitsutsa. Koma mufunse chimene chinachititsa. Ziphaso zodulira mitengo zinkatuluka mwa chisawawa pamene kudzala kunkatsalira kutali. Antchito akale anapuma, ena anatisiya, ndipo m'malo mwawo simunalowe anthu okwanira. Mlonda wa nkhalango wopanda galimoto, wopanda mafuta, wopanda zipangizo, amayembekezeredwa kuzimitsa moto wolusa wa Okutobala ndi chitsamba cha m'manja. Boma linaigwira nkhalangoyi ndi manja a lende kwa zaka zambiri, kenako n'kutembenuka kuti taonani, zatikanika, tiyeni tipatse amalonda. Mbusa amene walekerera ng'ombe mpaka kuonda sapatsidwa mphamvu yogulitsa khola. Amakhala pansi n'kuyankha mafunso a eni ng'ombe. Kulephera kwa ku Chikangawa kuli ndi eni ake, ndipo mpaka lero mtundu wa a Malawi sunauzidwe poyera kuti anadula ndani, anapereka zingati, anadzala mitengo ingati.

Owerengera phindu la nkhalango amawerenga zipika ndi matabwa basi. M'mabuku mwawo mulibe mayi amene amalawirira m'bandakucha nthawi ya dzinja, beseni kumutu, mame mpaka m'mawondo, kukazula bowa pansi pa paini. Akadzaza amakaima m'mbali mwa msewu, bowa ataunjika timiyulu m'mbale, kudikira minibasi kapena lole iime. Ndalama imeneyo ndiyo imagula mchere, sopo ndi makope a ana mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitagona pansi, chimanga cha kumunda chisanache. Mulibenso ming'oma ya njuchi, udzu wofolera, nkhuni zouma, mizu ya mankhwala, ngakhale njira zachidule zopita kuchipatala ndi kuchigayo. Pansi pa boma zinthu zimenezi zakhala zikutheka, kwina mwaulere, kwina ndi kachiphaso ka ndalama yochepa, monga amachitira amayi amene amatsika phiri la Zomba ndi mitolo ya nkhuni. Pansi pa mgwirizano umene sitinauwerenge, sitidziwa chimene chatsala chathu. Ena mwa ife tabwezedwapo pachipata ndi mlonda, kuuzidwa kuti malo ano ali ndi mwini wake tsopano, pa phiri limene agogo athu anadzalapo mitengo. Nayenso kalipentala wa pamsika, amene akadzuka m'mawa amaona nkhalango ali pakhomo pake, amalimbirana zotsalira pamene matabwa abwino akumudutsa pa lole.

Ndiye pali madzi. Mitsinje ya South Rukuru, Kasitu ndi Luweya imayambira pa mapiri a Viphya. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu n'kumwetsa likulu la dziko, umachokera ku Dzalanyama, ndipo boma lenilenilo linatumizako asilikali mu 2015 litaona kuti mipopi ya mumzinda ili pachiswe. Mzinda wa Zomba umamwa damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Blantyre amatunga ena mwa madzi ake ku Likhubula, m'phiri la Mulanje. Chimene phiri lometedwa limachita tinachiona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Kampani imayankha kwa eni mpamba wake, ndipo sitikuidzudzula pa chimenecho, ndi momwe malonda amayendera. Itha kugulitsidwa kwa ena, itha kugwa, itha kulongedza n'kupita. Magwero a madzi a mizinda yathu sayenera kutsamira pa zinthu zotere.

Malamulo ali mbali yathu. Gawo 207 la malamulo aakulu a dziko lino limaika nthaka yonse m'manja mwa dziko la Malawi, osati mwa nduna kapena chipani cholamula. Gawo 12 limati amene ali ndi mphamvu za boma amangozisunga m'malo mwa anthu. Gawo 13 limalamula boma kusamalira chilengedwe mokumbukira mibadwo imene sinabadwe. Lamulo la nkhalango la 1997 linatsegula kale khomo loti boma ndi midzi yozungulira azisamalira nkhalango limodzi, kudzera m'makomiti a m'midzi. Ndipo kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito. Pamene lamulo la nkhalango linakonzedwanso mu 2020, zilango za wootcha makala zinakwera. Wa njinga ya matumba awiri amagwidwa pa rodibuloko tsiku lomwelo. Tikufuna diso lomwelo liyang'anenso mapepala amene amasuntha mahekitala zikwizikwi ndi cholembera chimodzi.

Musatiyese odana ndi amalonda. Wofuna kudzala mitengo pa esiteti yake adzale. Wofuna kumanga fakitale ya matabwa, mipando kapena mapepala amange, azigula zipika kwa boma pa malonda a poyera, alembe ana athu ntchito. Chimene tikukana ndi kupereka nkhalango yeniyeniyo. Ndipo boma kubweza maganizo pa nkhani yotere si chachilendo. Ku England, boma litafuna kugulitsa nkhalango zake, anthu oposa 500,000 anasaina chikalata chokana, ndipo mu Febuluwale 2011 nduna Caroline Spelman anaima m'nyumba ya malamulo n'kupepesa, ganizolo n'kuthera pomwepo.

Tsono zofuna zathu ndi izi.

Choyamba, imitsani kugulitsa, kubwereketsa kapena kuwonjezera zaka za mgwirizano uliwonse wokhudza nkhalango ya boma, kufikira zimene zili m'munsizi zitachitika.

Chachiwiri, tulutsani poyera migwirizano yonse imene ilipo: dzina la kampani ndi eni ake enieni, malo ndi kukula kwake, zaka, ndalama zimene imapereka, ndi mitengo imene inalonjeza kudzala. Zimenezi zisangokhala pa intaneti m'Chingerezi. Zimatidwe pa maofesi a makhonsolo ndi kwa mafumu aakulu, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga, kuti mayi wa bowa uja athe kuwerengeredwa ndi mwana wake.

Chachitatu, ndipo ichi tikuchigwira ndi manja awiri, mkulu wofufuza za chuma cha boma alondoloze nkhani yonse ya Chikangawa kuyambira 1999: ziphaso zonse, olandira ake, mahekitala odulidwa, odzalidwa ndi opsa, ndalama zimene zinalowa ndi kumene zinapita. Lipoti lake likawerengedwe m'Nyumba ya Malamulo. Pamene papezeka fungo la katangale, bungwe lolimbana ndi katangale la ACB lilowepo, posayang'ana nkhope kapena chipani. Amene anadula osadzala abweze malo, ndipo alipire. Sizingatheke kukambirana zopereka nkhalango ina pamene mlandu wa yoyambayo sunazengedwe.

Chachinayi, bweretsani bilu yoti nkhalango ya boma isamaperekedwe kwa munthu kapena kampani popanda voti ya aphungu, komanso popanda msonkhano wa poyera wa midzi yozungulira. Kuitanira mafumu awiri ku hotela n'kuwapatsa alawansi si kufunsa anthu. Nkhalango zosunga magwero a madzi, monga Dzalanyama, Zomba, Ntchisi, Michiru ndi phiri la Mulanje, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2025, zichotsedweretu pa malonda alionse, kaya ndi a matabwa, a migodi kapena a mpweya wa kaboni.

Chachisanu, ufulu wa anthu wozula bowa, kutola nkhuni zouma, kumweta udzu, kupachika ming'oma ndi kudutsa m'njira zakale ulembedwe m'migwirizano imene ilipo kale.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama zochokera m'nkhalango zibwerere kunkhalango. Thumba la chitukuko cha nkhalango limene lamulo linakhazikitsa lizioneka ntchito yake: nazale, nsanja, galimoto zozimitsira moto, malipiro a alonda. Achinyamata amene anaphunzira za nkhalango ku koleji ya ku Dedza ndi ku yunivesite ya Mzuzu alipo, ena akungokhala pakhomo. Alembeni ntchito. Gawo lodziwika la ndalamazo lizipita ku midzi yozungulira, anthu aone kuti mtengo woimirira uli ndi phindu kwa iwo. Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030, ndipo lonjezo limenelo silingakwaniritsidwe ndi mwambo wodzala mbande pamaso pa makamera mu Disembala, mbandezo n'kufa ndi tchire pofika Meyi.

Chotsiriza, ocheka matabwa ang'onoang'ono a m'dziko muno apatsidwe zigawo mwa chilungamo ndi poyera, pa lamulo limodzi kwa onse: wadula, dzala, samalira mpaka mtengo ukule. Ifenso tikudzimanga ndi lamulo lomwelo. Wa pakati pathu amene atenthe nkhalango chifukwa cha mkwiyo kapena kusaka mbewa, kapena kudula popanda chiphaso, sitidzamubisa.

Tikupempha yankho lolembedwa, pa mfundo iliyonse payokha, pasanathe masiku 30 chilandirireni chikalatachi. Tikukupemphaninso, Olemekezeka, kuti mubwere nokha ku Chikangawa, musatume nthumwi, mudzakhale pabwalo ndi mafumu ndi anthu awo, migwirizano ili m'manja. Masikuwo akadzatha kuli zii, tidzatengera nkhaniyi ku komiti ya aphungu ndi ku ofesi ya Ombudsman, tidzaitanitsa mapepalawo kudzera m'lamulo lopezera nkhani za boma, ndipo tidzapempha Khoti Lalikulu kuti liimitse mgwirizano uliwonse watsopano mpaka litamva mbali yathu.

Ndife,

Nzika zokhala m'mphepete mwa nkhalango za boma

Maina, midzi, masaini ndi zidindo za zala zili pa mapepala otsatira.