ZA PAKHOMO PATHU: Galimoto Yakale Iyambe Yaphunzira Kuima

Mwezi uno tikambirane nkhani imene imasowetsa tulo abambo ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi nyengo yogulitsa fodya ndi soya ikafika. Ndalama zikalowa m'thumba, maso amayamba kuona zinthu zimene chaka chonse munthu ankangozidutsa. Chimodzi mwa zimenezi ndi galimoto yakale ija yokhala pa njerwa kuseri kwa sitolo pa Mponela kapena pa Madisi, imene nkhuku zinaisandutsa poikirira mazira. Mwini wake akutchula mtengo wotsika modabwitsa, ndipo akulumbira kuti changovuta ndi batire basi.

Maganizo ogula galimoto yotere sindikuwanyoza ayi. Amene amakhala kutali ndi msewu wa tala, kumapiri a Kongwe kapena cha ku Chinthembwe, akudziwa kuti kuyambira Disembala mpaka Malichi galimoto yaing'ono imagonja m'matope, ndipo yokoka ndi matayala onse anayi ndiyo imatulutsa feteleza, mayi wodwala ndi mwana wa sukulu. Komatu chifukwa chomwecho ndicho chimandichititsa mantha. Galimoto yotere ikangodzuka siikhalanso ya banja limodzi. Mudzi wonse udzaikwera, pa ukwati, pa maliro ndi pakati pa usiku popita kuchipatala. Tsono pempho langa ndi lakuti poikonza tiyambe ndi zoiimitsa, zoiyendetsa zibwere pambuyo. Galimoto yokana kulira imangokwiyitsa mwini wake, koma yokana kuima pa chitsikiro imaliritsa mudzi.

Nditenga Land Rover ngati chitsanzo, popeza ndiyo ambiri a ife tinakula tikuiona ili ndi a DC, apolisi, alangizi a zaulimi ndi a ku mishoni. Kampani ya Rover ya ku Solihull m'dziko la England inatulutsa yoyamba m'chaka cha 1948. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha, chitsulo chili chosowa, chotero thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Mtundu wa Series IIA unatuluka mu 1961, ndipo wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Ndiye kuti ngakhale yomalizira ya mtundu umenewu yakwanitsa zaka 40. Zambiri zimene ndinene pano zikukhudzanso Toyota Land Cruiser yakale ndi Mitsubishi Pajero, imene inayamba kupangidwa mu 1982.

Musanagwire sipanala, ngakhalenso kutulutsa ndalama, funsani bulubuku. Dzina lolembedwamo likhale la amene akugulitsayo, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zimene zili pa galimotoyo. Pa Land Rover zakalezi nambala ya chasisi inadindidwa kutsogolo cha kumanja, pa chitsulo chogwira sipuling'i. Palani matope muione ndi maso anu. Magalimoto ambiri okhala pa njerwa ndi a anthu amene anatisiya, ndipo wogulitsayo nthawi zina amakhala mphwake kapena m'bale wa malemuyo, mayi wamasiye ndi ana asakudziwa. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mayi ndi ana otere, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Mukagula mwachimbulimbuli mudzakonzera ena galimoto, inu n'kutsala ndi manyazi. Pitani limodzi ndi wogulitsayo kwa a Road Traffic kuti umwini usinthidwe mwalamulo.

Mapepala akakhala bwino, valani zovala zakumunda mugone pansi pa galimotoyo muli ndi tochi ndi kahamala. Apa ndiye pali nkhani yonse. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, chotero Land Rover imatha kuoneka yosalala kunja pamene msana wake unatha kalekale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msana umenewu, umene amakanika amautcha chasisi, ndi wachitsulo chenicheni chopindidwa ngati bokosi lalitali, ndipo matope akalowa m'kati amasunga chinyezi chaka chonse. Gogodani paliponse: chitsulo chabwino chimalira ngati belu, chowola chimangoti phuphu, mwinanso kahamala n'kulowa. Yang'anitsitsani chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwenikweni, timikono totuluka m'mbali tonyamula thupi, malo ogwira masipuling'i, ndiponso pamene dalaivala amaponda mapazi.

Ife kuno tili ndi mwayi woti m'misewu yathu sathiramo mchere monga amachitira ku Ulaya nyengo yachisanu. Koma tili ndi adani athu awiri. Woyamba ndi feteleza: matumba akadontha kumbuyo n'kukumana ndi madzi, chitsulo cha pansi pake chimadyeka msanga. Wachiwiri ndi katundu wopyola muyezo pa misewu ya mabampu, amene amang'amba chasisi. Mukaona malo ambiri owotcherera, tengani chingwe muyeze kuchokera pakati pa tayala la kutsogolo kufika pakati pa la kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana kwambiri, galimotoyo inapindika, mwina pa ngozi. Bowo limodzi kapena awiri mmisiri wowotcherera angathe kutseka. Koma msana wowola ponseponse usiyeni, ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo kawiri.

Za ndalama ndinene mwachidule, koma mosabisa. Zipangizo za magalimotowa zimachokera kunja, ndipo kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense amene anapitako kwa Biwi mu Lilongwe kukafunsa mtengo wa kachipangizo kokwana m'dzanja akudziwa tanthauzo lake. Kuona kwanga, ngati mtengo wogulira ukutha ndalama zonse zimene muli nazo, musagule; pafunika kutsala zina zochuluka chimodzimodzi zokonzera. Khalani pansi ndi amayi a kunyumba, mulembe m'kope, ndipo mugwirizane kuti ndalama ya fizi ndi ya feteleza siikhudzidwa. Dziwaninso kuti injini ya petulo ya malita 2.25 imayenda makilomita 6 kapena 7 okha pa lita imodzi, kotero kuti ulendo wochoka pa boma la Dowa kupita ku Lilongwe ndi kubwerera umamwa malita 15 kapena kuposa.

Tsopano galimoto yafika pakhomo, mwina yochita kukokedwa. Anyamata onse a m'mudzi adzafuna kumva injini ikulira tsiku lomwelo. Auzeni adekhe. Sankhani malo osalala ndi olimba, chotsani nthambo ya batire, ndipo pingani matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Jeki ndi yokwezera chabe. Munthu asagone pansi pa galimoto yodalira jeki, kapena njerwa zowotcha zimene zimaphwanyika mosachenjeza. Ikani zipika zazikulu za mtengo wolimba pansi pa chasisi. Pa Land Rover pali chinanso choyenera kudziwa. Handibuleki yake siigwira matayala, imagwira chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita kumbuyo. Mukakweza tayala limodzi la kumbuyo, handibulekiyo yatha ntchito ndipo galimoto ingathe kusuntha. Pa chifukwa chomwecho siiyenera kukokedwa galimoto ikuthamanga.

Mabuleki a magalimoto amenewa ndi a madilamu ku matayala onse anayi, ndipo ambiri mwa akalewo ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki. Tanthauzo lake ndi lakuti kapaipi kamodzi kakaphulika, kapena kalabala kamodzi kakatha, mabuleki onse anayi amathera limodzi, phazi n'kungofika pansi. Taganizani zimenezi zikuchitika potsika mapiri a ku Mvera, kumbuyo kuli amayi ndi ana khumi. N'chifukwa chake ndikunena kuti pa galimoto imene yakhala zaka osayenda, chilichonse cha labala m'mabuleki chisinthidwe, chioneke chabwino kapena ayi: timapaipi tofewa topita ku matayala, ndi malabala a m'masilinda onse. Mapaipi achitsulo atsatidwe ndi chala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo adzimbiri achotsedwe. Chitseko, nyali kapena sipuling'i mungathe kugula zakale zochotsedwa ku galimoto ina, palibe cholakwa. Za mabuleki gulani zatsopano, m'sitolo imene mungathe kubwererako.

Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Akakalamba amakhala ndi madzi, ndipo pa chitsikiro chachitali mabuleki akatentha madziwo amawira, phazi n'kumangoponda mpweya. Khuthulani akale onse, muthire atsopano a m'botolo losatsekulidwa, ndipo mutulutse mpweya ku tayala lililonse, wina akuponda wina akumasula. Mudzamva ena akunena kuti madzi a sopo amagwira ntchito yomweyo. Ameneyo musamukwere, ndipo ana anu asamukwerenso. Potsegula madilamu musauzire fumbi la m'katimo ndi pakamwa, pakuti mabuleki akale ankapangidwa ndi asibesitosi amene amawononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa n'kukataya. Mukapeza oyilo m'dilamu, ndiye kuti silu ya pa habu ikudontha, ndipo nsapato za mabuleki zimene zamwa oyilo sizichapika.

Pambuyo pa mabuleki pakubwera chiwongolero. Mwana wanu akhale pampando n'kumachigwedeza uku ndi uku, inu muli chogwada kutsogolo kuyang'ana mfundo iliyonse ya zitsulo zopita ku matayala. Mfundo yogwedera yokha isinthidwe. Matayala nawo ali ndi zaka zawo. Kuyambira chaka cha 2000 tayala lililonse limadindidwa manambala anayi m'mbali mwake: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala limene lakhala padzuwa zaka khumi ndi lotha, ngakhale mano ake akhale athunthu. Onse anayi akhale a msinkhu umodzi.

Apa tsono injini yafikiridwa, ndipo kunena zoona injini zakalezi n'zopirira kwambiri. Masulani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowo mwake, musiye masiku angapo, kenaka muizunguze ndi dzanja. Land Rover zakale zinkabwera ndi handulo yake yolowetsa kutsogolo. Khuthulani oyilo wakale. Akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa m'injini ndipo pafunika makanika weniweni. Petulo wotsala m'thanki atayidwe kutali ndi moto ndi chitsime, asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene ana angalipeze. Kumbukirani kuti kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake za ku Chikwawa. Ethanol amakoka madzi n'kuchititsa dzimbiri m'thanki imene yangokhala, ndiponso amadya mapaipi akale a labala. Paipi ya petulo yong'ambika pafupi ndi injini yotentha ndi moto umene ukungodikira tsiku lake. Nthambo zamagetsi zimene makoswe anatafuna zilumikizidwe bwino ndi kukulungidwa, ndipo fyuzi isalowedwe m'malo ndi waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya ndudu.

Injini si yokha imene imamwa oyilo. Giyabokosi, bokosi logawa mphamvu ku matayala, madifu awiri, timipira tiwiri tonyezimira ta kuseri kwa matayala a kutsogolo ndi bokosi la chiwongolero, zonsezi zimafuna oyilo wolimba wa nambala 90. Ambiri amaziiwala mpaka zitayamba kulira.

Kwa inu achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, galimoto yotere ndi sukulu imene yabwera yokha pakhomo. Mulibe kompyuta m'menemo, chilichonse chimaoneka ndi maso ndipo chimamasuka ndi sipanala wamba. Musanamasule chinthu chijambuleni pa foni, ndipo mabawuti a malo amodzi muwaike m'chitini chawochawo cholembedwa. Amene adzakonde ntchitoyi angathe kukaiphunzira mokwanira ku Lilongwe Technical College. Ndipo inu abambo, mwana akataya nati musamuthamangitse. Mumamufuna kuti aziponda mabuleki inu muli pansi. Zimene zakukulirani nonse, monga kuwotcherera chasisi ndi kutsegula pampu ya dizilo, perekani kwa mmisiri wake. Safunsa anadya phula.

Tsiku loyesa likafika, sankhani bwalo la mpira m'mamawa kulibe ana, mukhale awiri basi. Yendani pang'onopang'ono n'kuponda mabuleki mwamphamvu kangapo, muone ngati galimoto ikukokera mbali imodzi. Imani, yandikizani dzanja ku dilamu lililonse. Lotentha kuposa anzake likugwira losapondedwa. Suzumirani pansi ngati pali chodontha. Phunzirani timitengo tiwiri ta pafupi ndi giya: ka mutu wachikasu mukakakanikiza pansi matayala onse anayi amakoka, ka mutu wofiira mukakakokera kumbuyo mumalowa magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono, amene ndiwo otsikira phiri loterera, injini ikugwira galimoto m'malo mwa mabuleki. Pa tala pouma bwererani ku matayala awiri, apo ayi zitsulo za m'kati zimapotana mpaka kuthyoka. Musanalowe mumsewu wa anthu onse, tengani chiphaso cha COF ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi yake.

Penti ibwere pomalizira penipeni, chaka chamawa ngati thumba latopa. Nyengo yake yabwino ndi mwezi wa Meyi, mvula itatha fumbi lisanachuluke, ndipo burashi wamba amakwanira. Koma funsani m'sitolo penti yoyambira yopangidwira aluminiyamu, chifukwa penti wamba ikapakidwa mwachindunji pa thupi la Land Rover imayamba kusendeka mvula yotsatira isanathe.