Nkhalango ya M'galasi

Mu 2018 kampani ya Amazon idatsegula ku Seattle nyumba zitatu zagalasi, zobulungira ngati zipanda, nidzalamo zomera zoposa 40,000 kuti antchito ake azipumulira pamthunzi. Ambiri adaomba m'manja, nati tsopano nyumba ndi chilengedwe zagwirizana. Ife tikukana. Mtengo umene mvula yake ichokera m'paipi, mphepo yake nilamulidwa ndi makina, uli m'ndende, ngakhale ndendeyo inyezimire chotani. Chaka chotsatira, mu 2019, nkhalango yeniyeni ya Amazon inali kupsa ku Brazil, osowa woiphimba. Nanga ndi chiyanjano chotani chimenechi, pamene mbalame iletsedwa kuloŵamo, ndipo munthu wamba ayenera kuyamba wapempha tsiku loti akaone masamba?